Sitima Zamawa Zapanyanja: Kodi Okwera Akupempha Chiyani?

Ana inu, tsekulani makope. Lero tikambirana za sitima zikuluzikulu zapanyanja ya mchere, zimene anthu amakwera kuti akapume ndi kuona dziko. Munthu amakwera ku Miami kapena ku Barcelona, n'kukhala m'sitimamo sabata yathunthu. Amadya momwemo, amagona momwemo, kukacha amapezeka ali padoko lina, ndipo pamapeto pake amatsikira pomwe anakwerera paja. M'chaka cha 2023 anthu oposa 31 miliyoni anayenda maulendo oterewa. Ngakhale kuno kumwera kwa Africa ziliko. Nthawi ya dzinja sitima za kampani ya MSC zimanyamuka ku Durban kupita kugombe la Mozambique, monga ku Portuguese Island kufupi ndi Maputo.

Kumanga sitima imodzi kumatenga zaka zingapo, ndipo ikatha imagwira ntchito zaka 30 kapena kuposerapo. Choncho mmisiri amene akujambula sitima lero akujambulira inuyo mutakula, mwinanso ana anu. Ayenera kumvetsera zimene okwera akunena. Vuto lake n'lakuti m'sitima malo ndi owerengeka. Ukapatsa uyu, walanda kwa uyo. Mfundo imeneyi muigwiritse, chifukwa phunziro lonseli lakhazikika pamenepo.

Tiyambe ndi kukula. Mu January 2024 sitima yotchedwa Icon of the Seas, ya kampani ya Royal Caribbean, inayamba maulendo ake kuchokera ku Miami. Inamangidwa ku Turku m'dziko la Finland. Utali wake ndi mamita 365. Ilala yathu ya pa nyanja ya Malawi ndi yaitali mamita pafupifupi 52, ndiye kuti mutandandalika ma Ilala asanu ndi awiri mphuno ndi mchira, ndiye mwafika pa utali wa Icon. Ili ndi nsanjika 20, maiwe osambiramo asanu ndi awiri, ndipo ikadzaza imanyamula alendo 7,600 komanso antchito 2,350. Eni sitima amakonda zazikulu chonchi chifukwa mtengo wa mafuta, injini ndi malipiro a kaputeni ukagawidwa kwa anthu ochuluka, tikiti imatsika koma phindu limakwera. Mabanja a ana ambiri nawo amazikonda, poti mwana aliyense amapeza chomusangalatsa.

Koma mverani madandaulo a anthu akatsika. Sadandaula kuti maiwe anachepa. Amadandaula za mizere: mzere pokwera, mzere pachakudya, kudikira chikepe chimene chikufika chodzaza kale, kusowa mpando pafupi ndi dziwe chifukwa ena anaika matawulo m'mamawa n'kuchoka. Munthu wasunga ndalama nthawi yaitali kuti akapume, akufuna malo opumirapo.

Pali njira yoyezera zimenezi, ndipo ndi samu yosavuta. Sitima iliyonse ili ndi nambala yotchedwa gross tonnage. Musaganize kuti ndi kulemera kwake ayi. Nambalayi imanena kukula kwa malo onse otsekeka a m'kati mwa sitimayo. Mukaigawa ndi chiwerengero cha alendo, mumapeza malo amene munthu mmodzi ali nawo. Ya Icon ndi 248,663. Chipinda chilichonse chikagona anthu awiri okha, alendo amakhala 5,610, ndipo yankho ndi 44. Nthawi ya tchuthi, mabedi onse a ana akatsitsidwa n'kufika 7,600, yankho limatsikira pa 33. Sitima ndi yomweyo, koma mpata wa munthu aliyense wachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Sitima zing'onozing'ono zodula kwambiri zimapitirira 60. Ndiye mukamva kuti sitima yakuti ndi yaikulu kuposa zonse, funsani kaye kuti mulowa anthu angati.

Chachiwiri chimene okwera amapempha ndi kuona nyanja. Sitima zakale zinali ndi timawindo tozungulira tagalasi lochindikala, ndipo zipinda zambiri zinalibe ndi kawindo komwe. Mu 1984 sitima ya Royal Princess inasintha zinthu: chipinda chilichonse cha alendo chinayang'ana kunja, ndipo zina zinali ndi kakhonde kakekake. Kuyambira pamenepo anthu sanabwererenso m'mbuyo. Aliyense akufuna kutsekula chitseko m'mawa, kukhala pampando ndi kapu ya tiyi, mphepo ya mchere ikumuwomba kumaso. N'chifukwa chake sitima za masiku ano m'mbali mwake mumangoona makhonde okhaokha, mizeremizere mpaka pamwamba.

Apa mmisiri amagwira mutu. Sitima ikakula m'lifupi, malo ambiri amakhala pakati, kutali ndi khoma lakunja. Amene anajambula Oasis of the Seas, ya mu 2009, anang'amba nsanjika zapamwamba pakati n'kusiya mpata wosafolera, momwe anadzalamo mitengo ndi maluwa enieni, kuti zipinda zapakati nazo zione kuwala kwa dzuwa. Pa Quantum of the Seas, ya mu 2014, zipinda zopanda windo anaziikira kanema wamtali kuchokera pansi mpaka kudenga, woonetsa nyanja monga momwe makamera akunja akuionera nthawi yomweyo. Ndi nzeru ndithu, koma ine ndikuti kanema alibe mphepo ndipo alibe fungo la nyanja. Komanso makhonde ambiri amafuna nsanjika zambiri, ndipo chinthu chachitali chikalemera kumutu chimapendekeka msanga. Ndiye amisiri amaika injini, matanki a mafuta ndi a madzi pansi penipeni, amakulitsa mimba ya sitima, ndipo kumwamba amamangako ndi zipangizo zopepuka. Khonde lililonse limene mlendo wapempha lili ndi samu yake kumunsi kwa madzi.

Za nseru ndi chizungulire musaziiwale, chifukwa anthu ambiri amaopa kukwera sitima pa chifukwa chimenechi. Kunsi kwa madzi, mbali zonse ziwiri, kuli zipsepse zachitsulo zimene zimabisika m'thupi la sitima. Nyanja ikakalipa, woyendetsa amazitulutsa. Makina amamva kuti sitima yayamba kupendekera kumanja, nthawi yomweyo chipsepse chakumanja chimatembenuka kuti madzi achikankhire m'mwamba, chakumanzere n'kutembenukira pansi, sitima n'kuwongoka supu asanatayike m'mbale. Zipsepsezi zimaletsa kupendekera m'mbali kokha. Kukwera ndi kutsika kwa mphuno ya sitima pa mafunde sizikuletsa. N'chifukwa chake odziwa amasankha chipinda chapakati, nsanjika yam'munsi. Pa za phokoso, sitima zambiri zatsopano zimayenda ndi mamota a magetsi opachikidwa kunja kunsi kwa mchira, ndipo kunjenjemera kunachepa. Chotsala ndi nzeru ya kayalidwe ka zipinda, kuti agogo asagone pansi pa malo ovinira.

Pali anthu ena amene kwa nthawi yaitali ojambula sitima ankawaiwala. Woyenda yekha, kaya ndi mayi wamasiye kaya mnyamata wosakwatira, amalipiritsidwa pafupifupi mtengo wa anthu awiri chifukwa zipinda zinamangidwira awiriawiri. Mu 2010 sitima ya Norwegian Epic inabwera ndi tizipinda ta munthu mmodzi, tokhala ndi pabalaza pamodzi pochezerapo, ndipo makampani ena atsatira. Palinso anzathu oyenda pa njinga ya olumala. Zitseko za m'sitima mwachizolowezi zimakhala ndi chiundo chokwera choletsa madzi kulowa, ndipo kwa munthu wa panjinga chiundo chimenecho ndi mpanda. Iwo akupempha zitseko zotakata, bafa lopanda chopunthwitsa, ndi njira yotsikira pamalo pamene sitima siingafike kumtunda. Amene munakwerapo Ilala mukudziwa mmene zimakhalira kutsikira m'kabwato kakang'ono mafunde akukankha. Okwera ambiri a sitima zimenezi ndi achikulire, ndiye pempho ili si la anthu ochepa.

Tsopano mawu anga alemere pang'ono. Mu February 2020 sitima ya Diamond Princess inatsekeredwa padoko la Yokohama ku Japan ili ndi anthu pafupifupi 3,700. Oposa 700 anatenga matenda a Covid-19. Dziko lonse linaona mmene matenda amathamangira pamene anthu adzazana m'nyumba imodzi. Kuchokera apo okwera akufunsa mafunso amene kale sankafunsa. Mpweya wa m'chipinda changa ukuchokera kunja kapena kwa mnansi? Umasefedwa? Chipatala cha m'sitima chili ndi malo opatula odwala? Ngakhale mabeseni osambira m'manja pakhomo la malo odyera, amene amathandiza kuletsa matenda otsekula m'mimba, amafunika kuwajambuliratu pamodzi ndi mapaipi ake sitima isanamangidwe.

Zaka zisanu ndi zitatu izi zisanachitike, usiku wa pa 13 January 2012, sitima ya Costa Concordia inagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy. Anthu 32 anafa. Sitimayo itapendekeka kwambiri, kutsitsa mabwato opulumutsira a mbali imodzi kunavuta, ndipo amene anakwera tsiku lomwelo ku Civitavecchia anali asanaphunzitsidwe kothawira. Lero lamulo likuti alendo aphunzitsidwe sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka. Lamulo lina, la sitima zazikulu zomangidwa kuyambira July 2010, likuti sitima ijambulidwe moti moto kapena madzi zikawononga chigawo chimodzi, zigawo zotsala zithe kuibweza padoko. Izi zimafuna zipinda za injini zolekanitsidwa ndi mawaya ndi mapaipi apawiri. Mlendo saziona ndipo sizilowa m'zithunzi zotsatsira malonda, koma zimadya malo amene akanakhala zipinda zogulitsa. Apa sipofunika kunyengerera: malo amenewo aperekedwe.

Nanga utsi? Sitima ikaima padoko injini zake sizizima, chifukwa khitchini, mafiriji, zikepe ndi makina oziziritsa mpweya zikufuna magetsi usana ndi usiku. Utsiwo amapuma ndi eni mzinda. Kuyambira pa 1 January 2020 bungwe la IMO, loona za sitima zapanyanja padziko lonse, linatsitsa mlingo wa sulufule m'mafuta a sitima kuchoka pa 3.5 peresenti kufika pa 0.5. Sitima ya AIDAnova, ya mu 2018, inali yoyamba mwa sitima za alendozi kuyendera gasi wa LNG panyanja ndi padoko pomwe, ndipo Icon nayo imayendera gasiyu. Mwaye ndi sulufule zimachepa kwambiri, koma gasi wina wa methane amapulumuka m'injini osapsa, ndipo ameneyu amatenthetsa dziko kuposa mpweya wa carbon dioxide. Choncho LNG sanathetse nkhani. Njira yothandiza eni doko mwachindunji ndi kulumikiza sitima ku magetsi a kumtunda n'kuzimitsa injini, monga anayambira ku Juneau, ku Alaska, mu 2001. Ku Norway kampani ya Hurtigruten inatulutsa sitima ya Roald Amundsen mu 2019, yokhala ndi mabatire othandiza injini, koma mabatire okha sangakankhe chisitima cha anthu 7,000 kuwoloka nyanja. Okwera ambiri, makamaka achinyamata, akuti akufuna sitima yosaipitsa chilengedwe. Mayeso ake adzakhala pa tikiti, chifukwa ukhondo umenewu uli ndi mtengo.

Mizinda nayo yayamba kuyankhula. Mu 2019 MSC Opera inagunda gombe ndi bwato lina ku Venice, ndipo kuyambira August 2021 boma la Italy linaletsa sitima zopitirira gross tonnage ya 25,000 kudutsa mu ngalande ya Giudecca pakati pa mzindawo. Ku Antarctica sitima yonyamula alendo oposa 500 siiloledwa kutsitsa anthu kumtunda, ndipo zazing'ono zimatsitsa osapitirira 100 nthawi imodzi. Mukuona kusemphana kwake? Mlendo akufuna tikiti yotsika mtengo ndi maiwe asanu ndi awiri, zimene zimafuna sitima yaikulu. Yemweyo akufunanso kadoko kabata kopanda chikhamu, kumene sitima yaikulu singalowe. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sitima imodzi singakwaniritse zonse ziwiri, ndipo n'chifukwa chake makampani akumanga mitundu iwiri: zikuluzikulu za mabanja zimene zimaima m'madoko okonzedwera izo, ndi zazing'ono za ofuna kuona malo.

Za intaneti sitichedwapo. Aliyense akuifuna, ndipo kuyambira 2022, pamene Royal Caribbean inayamba kuika intaneti ya Starlink, vuto losowa intaneti yabwino m'sitima likutha msanga kuposa ena onse.

Chimodzi chimene okwera sachitchula kawirikawiri, ine ndichitchula. Bedi loyalidwa bwino ndi chakudya chotentha zimachokera m'manja mwa antchito, ambiri a ku Philippines, Indonesia ndi India, amene amakhala miyezi yambiri osaona kwawo, akugona awiriawiri m'tizipinda topanda windo m'nsanjika zapansi. Mlendo akufuna kulandiridwa ndi nkhope yosangalala. Nkhope imeneyo imafuna tulo tokwanira, malo odyera abwino ndi njira yoyankhulira ndi ana kunyumba. Mmisiri amene wapanikiza antchito kuti awonjezere zipinda zogulitsa walakwira antchitowo, ndipo mlendonso adzazimva pa tebulo.

Mukandifunsa ine, sitima yabwino yamawa ndi imene yankho la samu ija lili lokwera, mpweya wake uli woyera, ndipo eni doko akuilandira osatseka mphuno. Dziwe lachisanu ndi chitatu likhoza kudikira.

Ntchito yokachita kunyumba nayi. Sitima ya Queen Mary 2, imene imawoloka nyanja ya Atlantic pakati pa Southampton ndi New York kuyambira 2004, ili ndi gross tonnage pafupifupi 149,000 ndipo imanyamula alendo pafupifupi 2,700. Gawani, muyerekeze ndi mayankho awiri a Icon aja, kenako mulembe ndime imodzi yonena sitima imene mungakwezemo agogo anu ndi chifukwa chake. Makope ndiwapeze patebulo langa Lolemba m'mawa.