Letesi wa iceberg ngwamalonda, osati wolerera ana

Alimi anzanga, sabata ino tikambirane za letesi uja wokulunga mutu ngati kabichi, amene ogulitsa mbewu amamutcha iceberg. Ambiri mwamuonapo m'masitolo akuluakulu a m'tauni atamukulunga m'pulasitiki, mtengo wake woposa wa mpiru kapena repu, ndipo ena mwayamba kuganiza zomupatsa malo kudimba. Funso limene ndimalandira kawirikawiri nlakuti: popeza ngwodula chonchi, kodi ndiye kuti amaposa ndiwo zathu pa zofunika m'thupi? Yankho langa nlakuti ayi.

Letesi ameneyu anachokera ku America. Kampani ya mbewu ya Burpee inamutulutsa mu 1894, ndipo m'zaka za m'ma 1920 alimi a ku chigwa cha Salinas ku California ankamutumiza pa sitima kupita ku mizinda yakutali atamukwirira ndi madzi oundana. Chimene chinamutchukitsa nchakuti mutu wake wolimba umapirira ulendo wautali osafota msanga. Za mavitamini sizinali m'maganizo mwa amalondawo.

Tsopano tione manambala. Malinga ndi kuyeza kwa unduna wa zamalimidwe wa ku America, USDA, pa magalamu 100 aliwonse a letesiyu, magalamu pafupifupi 96 ndi madzi okhaokha. Zomanga thupi sizifika galamu imodzi. Mutu wonse wolemera theka la kilogalamu uli ndi mphamvu yokwana makalori 70 basi, moti nthochi imodzi yakupsa imauposa. Munthu wochokera kolima sangakhute nawo.

Timuyerekeze ndi bonongwe, yemwe amadzimerera yekha kuseri kwa khola. Pa magalamu 100 omwewo a masamba osaphika, kashiamu wolimbitsa mafupa ndi mano alimo mamiligalamu 18 mu iceberg, pamene mu bonongwe alimo 215. Ayironi, amene amathandiza kupanga magazi makamaka kwa amayi oyembekezera, amapezeka kasanu mu bonongwe poyerekeza ndi letesiyu. Vitamini C mu iceberg safika mamiligalamu 3, mu bonongwe amaposa 40. Vitamini A, wothandiza maso ndi kuteteza ana ku matenda, bonongwe ali naye pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Nkhwani ndi chitambe nazo zimamusiya kutali pa zomanga thupi ndi ayironi.

Chifukwa chake chili poyera mukaudula mutuwo pakati. Masamba am'kati ngotuwa chifukwa dzuwa siliwafika. Tsamba limapanga zinthu zimene thupi lathu limasandutsa vitamini A pamene likuwombedwa ndi dzuwa, choncho tsamba lobiriwira kwambiri ndiye lolemera. Mu iceberg masamba otere ndi akunja aja, ndipo chomvetsa chisoni nchakuti ndi omwewo amene timathothola nkutayira akalulu kuti mutu uoneke bwino kwa wogula. Letesi wa mtundu wa romaine, amene masamba ake amaima motambasuka, ali ndi vitamini A woposa wa iceberg kakhumi ndi kasanu ndi kawiri. Onse ndi letesi, chasiyanitsa ndi dzuwa.

Komabe sindikuti letesiyu ngwachabe. Ali ndi vitamini K pang'ono wothandiza magazi kuundana pabala, ali ndi folate pang'ono, ndipo kwa amene dokotala wawauza kuti achepetse thupi, ndi chakudya chodzaza mimba popanda kunenepetsa. Alinso ndi mwayi wakuti amadyedwa wosaphika, pamene ndiwo zathu zimataya mavitamini ena pamoto. Apa ndiyenera kudandaula za chizolowezi chothira soda kapena chidulo m'masamba ndi kuwaphika mpaka kulobodoka: vitamini C amathera pomwepo. Phikani ndi madzi ochepa, kwa nthawi yochepa, ndipo thirani nsinjiro, chifukwa mafuta a mtedza amathandiza thupi kuyamwa vitamini A. Bonongwe wophikidwa motere amaposabe letesi.

Nanga timulime kapena ayi? Limani ngati muli ndi wogula kale. Ogula ake ndi mahotela, malo ogona alendo ndi masitolo a ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Pa msika wa pa tredingi senta mungakhale naye tsiku lonse, ndipo mosiyana ndi nkhwani, simungamufutse kuti mupeze mfutso. Akafota wafota, ndalama ya mbewu ndi thukuta lothirira zapita. Kambiranani ndi wogula za kuchuluka kwa mitu pa sabata musanafese, ndipo fesani pang'onopang'ono masabata awiri aliwonse kuti isakhwimire pamodzi.

Mbewuyi imakonda kozizira. Malo okwera monga Dedza, Tsangano ndi Bvumbwe amaiyanja, ndipo nyengo yabwino ndi ya Meyi mpaka Julayi. Kukatentha ngati mu Okutobala, njere zimavuta kumera, ndipo zomera kale zimathamangira kutulutsa maluwa m'malo mokulunga mutu, masamba nkuyamba kuwawa. A ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja ndingawalangize kuti asavutike naye. Wokerani mbande zikatha masabata anayi kapena asanu panazale, motalikana masentimita 30, ndipo thirirani mosadumphitsa popeza mizu yake siipita pansi kwambiri.

Nkhani ya ukhondo musaitenge mopepuka. Ndiwo zophika moto umapha tizilombo, koma letesi amachoka kudimba kupita m'mbale. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Musathirire letesi ndi madzi a m'ngalande kapena a mtsinje wodutsa pafupi ndi zimbudzi, thirani manyowa owola bwino okhaokha musanawokere, ndipo amene akudya atsuke tsamba lililonse palokha ndi madzi othira klorini.

Pa mabedi khumi a kudimba, ine ndingapatse letesi awiri kapena atatu, malinga ndi zimene wogula walonjeza. Otsalawo akhale a mpiru, repu, bonongwe ndi nkhwani, ndipo bedi la pafupi ndi chitsime likhale la ndiwo zodya pakhomo.