Mathero a mizere akundizunguza

Funso: Ndili Folomu 4 kuno ku Chibavi, Mzuzu. Posanthula ndakatulo yosimba nkhani ndimasaka mizere yothera mofanana ngati m'Chingerezi, koma sindiyipeza. Nditani mayeso a MANEB asanafike?

Yankho: Mwanawe, usadzivute. Mawu a Chichewa amathera pa a, e, i, o kapena u, choncho kufananitsa mathero n'kosavuta; alakatuli aluso sadalira zimenezo. Lakatula mokweza, umve phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa mzere likukoka: ndilo limapereka kayendedwe. Werenga maphatikizo a mzere uliwonse, uone ngati mizere ikufupika nkhani ikafika pachimake. Kenako saka chibwereza, zining'a ndi mikuluwiko, ufotokoze ntchito imene chilichonse chagwira m'nkhaniyo, chifukwa kungochitchula dzina sikokwanira. Ukamvetserenso pamene mlakatuli Benedicto Wokomaatani Malunga amapumira akamalakatula.