N'chifukwa chiyani mauthenga a pa X amakhala afupi?

Ophunzira akandifunsa za X, yomwe kale inkatchedwa Twitter, ndimayamba ndi nambala 140. Twitter itayamba mu 2006, anthu ambiri ankatumiza mauthenga awo kudzera pa SMS, ndipo SMS imodzi imanyamula zilembo 160 basi. Zilembo 20 anazisungira dzina la wotumiza, 140 zotsalazo n'kukhala za uthengawo. Mu 2017 malirewo anawakweza kufika pa 280.

Kufupikaku kuli ndi phindu. Uthenga wa mawu okhaokha sudya bandulo ngati vidiyo, ndipo umatseguka ngakhale netiweki ikuvuta. Ndiye kukabwera namondwe kapena madzi osefukira, chenjezo limafika msanga. Chizindikiro cha # chimasonkhanitsa mauthenga onse a nkhani imodzi, mwakuti kusaka sikuvuta.

Koma samalani, bodza nalo limathamanga chimodzimodzi. Ine ndisanagawire anzanga uthenga, ndimayamba ndaona amene waulemba, kenako ndimafufuza ngati wailesi kapena nyuzipepala yanenanso zomwezo.

Tayesani izi lero: fotokozani m'zilembo 280 mmene zomera zimapangira chakudya chawo. Zikakukanikani, ndiye kuti phunzirolo simunalimvetse bwino, bwererani ku manotsi.