Mapulogalamu Aulere Ofufuzira Ziyankhulo: Mafunso ndi Mayankho pa Chingoni ndi Chitumbuka cha ku Mzimba

Kodi mapulogalamu amenewa ndi otani, ndipo anawapanga ndani?

Awa ndi mapulogalamu a pakompyuta amene munthu amawatenga pa intaneti osalipira, ndipo amathandiza wofufuza kulemba zimene anthu ayankhula, kupima kamvekedwe ka mawu, kuwerengera mawu a m'zolembedwa ndi kukonza mtanthauziramawu. Odziwika kwambiri ndi ELAN, imene inapangidwa ku Max Planck Institute for Psycholinguistics mumzinda wa Nijmegen ku Netherlands; Praat, ya Paul Boersma ndi David Weenink a ku yunivesite ya Amsterdam; FieldWorks Language Explorer, imene ambiri amangoti FLEx, ya bungwe la SIL; ndi AntConc, ya Laurence Anthony wa ku yunivesite ya Waseda ku Japan. Onsewa akangoikidwa pakompyuta amagwira ntchito popanda intaneti, zimene ndi zofunika kwa munthu wogwira ntchito ku Khosolo kapena ku Luwerezi m'boma la Mzimba, kumene netiweki imabwera ndi kupita.

N'chifukwa chiyani Mzimba ikufunika zipangizo zotere?

Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu November 1835, ndipo gulu limene pambuyo pake linatsogozedwa ndi M'mbelwa linakhazikika pakati pa Atumbuka. Popeza ana ambiri ankaleredwa ndi amayi oyankhula Chitumbuka, ndiponso sukulu za mishoni ya Livingstonia zinatsamira ku Chitumbuka, Chingoni chinayamba kuzilala ngakhale kuti W. A. Elmslie anali atachilembera buku la malamulo ake mu 1891. Lero chiyankhulochi chatsalira m'nyimbo za ingoma, m'zithokozo za mafuko, m'nyimbo zina za tchalitchi, pamwambo wa Umthetho umene umachitikira paphiri la Hora mu August, ndi m'maina a malo monga Edingeni, likulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, ndi Embangweni. Chitumbuka nachonso chinachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu mu 1968, n'kudzabwereranso pawailesi mu 1994, kotero kuti zolembedwa zake ndi zochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa ochiyankhula. Chuma cha ziyankhulo ziwirizi chili pakamwa pa anthu, ndipo mfundo imeneyi ndiyo iyenera kutsogolera posankha pulogalamu yoyambira.

Nanga wofufuza ayambire pati?

Ayenera kuyamba ndi kujambula, kenako ELAN. Pulogalamuyi imaonetsa kanema kapena mawu ojambulidwa pamwamba, ndipo pansi pake pamakhala mizere yolembamo imene imalumikizidwa ndi nthawi, kotero kuti munthu akakhudza chiganizo chimene walemba, amamvanso chidutswa chenicheni chimene chiganizocho chinanenedwa. Ubwino wake umaonekera pa ingoma, pamene zinthu zingapo zimachitikira limodzi: woyambitsa nyimbo akuimba, amuna akuvomera kwinaku akuponda pansi mwamphamvu zishango zili m'manja, amayi akuomba m'manja ndi kuimba nthungululu. Wolemba angapatse woyambitsayo mzere wake, ovomera mzere wawo, kumasulira kwa Chitumbuka mzere wachitatu, kwa Chichewa wachinayi, ndi mzere wina wosonyeza pamene phazi lagunda pansi. Chifukwa cha mizere yotereyi, ELAN ndiyonso imakondedwa ndi ofufuza chiyankhulo cha manja, ndipo ingagwire ntchito yabwino pasukulu ya ana osamva ya ku Embangweni.

Ntchitoyi ndi yolemetsa, pakuti ola limodzi la zojambulidwa limatha kudya maola makumi angapo polemba, ndipo pulogalamuyi simva Chingoni. Womva ndi gogo amene wakhala pambali pa wolembayo, akubwereza kachidutswa ka masekondi ochepa mpaka atagwirizana kuti liwu lina likuthera pati ndipo linzake likuyambira pati. Mawu ayenera kujambulidwa mumtundu wa WAV, umene sufinya kanthu, osati kutumizirana pa WhatsApp, imene imafinya mawu n'kutaya zina zimene wopima amazifuna.

Kodi Praat imaonjezerapo chiyani?

Praat imasandutsa mawu kukhala chithunzi chosonyeza kutalika kwa liwu, mphamvu yake ndi kukwera kapena kutsika kwake. Chingoni, monga Chizulu, chili ndi mamvekero othetheka, amene amatuluka lilime likamamatira kumano kapena kumwamba kwa m'kamwa n'kuchoka mwadzidzidzi, ndipo amalembedwa ndi zilembo c, q ndi x. Oyankhula Chitumbuka amaika mamvekero ena m'malo mwake, n'chifukwa chake dzina la Emcisweni ena amalilemba Emchisweni. Pachithunzi cha Praat kuthetheka kumaoneka ngati kamzere kakuda koima, motero wofufuza angaone ngati woimba wakumveketsadi kapena ayi, m'malo modalira khutu lake lokha. Pulogalamuyi imaonetsanso kusiyana kwa Chichewa ndi Chitumbuka kumene Laura Downing anakufotokoza m'kafukufuku wake: m'Chichewa kukweza kapena kutsitsa liwu kumasintha tanthauzo, pamene m'Chitumbuka liwu limangokwera ndi kutalika paphatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa kagulu ka mawu.

Kodi AntConc ingawerengere mawu a Chitumbuka?

Ingathe, koma imangowerengera zimene yapatsidwa. Wofufuza akaipatsa mulu wa zolembedwa, imandandalika mawu onse malinga ndi kuchuluka kwake, ndipo imaonetsa liwu lililonse pakati pa anzake oyandikana nalo. Vuto loyamba ndi kalembedwe: ŵanthu, wanthu ndi banthu, zimene zonse zimapezeka m'zolembedwa za Chitumbuka, imaziona ngati mawu atatu osiyana, ndipo Tesseract, pulogalamu yaulere yowerenga masamba ojambulidwa, imatha kugwetsa kachipewa ka ŵ m'mabuku akale a mishoni. Keyman, yochokeranso ku SIL, imathandiza kulemba chilembochi mosavutikira. Vuto lachiwiri ndi kapangidwe ka aneni m'ziyankhulo zathu, pakuti ndinamuona, sanaoneke ndi tidzaonana onse ali ndi muzu umodzi, koma powerengera amabalalika. Choncho chiwerengero chochokera m'zolembedwa zosakonzedwa chimanena zambiri za olemba kusiyana ndi za chiyankhulo.

Nanga mtanthauziramawu wa Chingoni angakonzedwe motani?

Apa ndi pa FLEx, imene imasunga liwu lililonse pamodzi ndi gulu lake, tanthauzo lake ndi zitsanzo, ndiponso imaphunzira kugawa liwu kukhala muzu ndi aphatikiri ake wofufuza akaionetsa kangapo. Chofunika kusamala ndi gwero la liwu. Amuna ambiri a ku Mzimba, kuchokera ku Boma mpaka ku Jenda, agwirapo ntchito ku South Africa ndipo amabwerako ndi Chizulu cha ku Johannesburg, chimene si chimodzimodzi ndi Chingoni chimene anasiya makolo. Mtanthauziramawu wosakaniza ziwirizi mosazindikira ungasokeretse mibadwo yamtsogolo, choncho liwu lililonse lilembedwe pamodzi ndi zaka za wolinena, mudzi wake, kumene analiphunzira ndiponso ngati anakhalapo ku Joni.

Kodi zonsezi ndi zauleredi?

Chaulere ndi pulogalamu yokha. Laputopu, chojambulira mawu, magetsi a sola, ulendo ndi kangachepe kothokozera ofunsidwa zonse zimafuna ndalama. Pamafunikanso chilolezo cha woyankhula ndi cha mafumu, popeza zithokozo ndi nyimbo zina za maliro zili ndi eni ake, ndipo pangano lonena za amene angazimvere liyenera kujambulidwa m'chiyankhulo chimene woyankhulayo amamva. Zojambulidwa zisungidwe m'malo osachepera awiri, chifukwa fulashi imatayika ndipo laputopu imafa. Malo oyenera kuwaganizira ndi Centre for Language Studies ku Zomba, imene inakhazikitsidwa mu 1996, yunivesite ya Mzuzu, ndi nkhokwe ya Endangered Languages Archive ku Berlin, koma kope lina liyenera kutsala m'manja mwa bungwe la Mzimba Heritage Association ndi banja la amene anajambulidwa.