Małopolska, Dziko la Mcere ndi Mapiri

Kumwera kwa dziko la Poland, ku Ulaya, kuli cigawo cakale cochedwa Małopolska, ndiko kunena Poland Wamng'ono. Kumalire ace a kumwera kuli mapiri a Tatra, ndipo nsonga ya Rysy, yotalika mamita 2,499, iposa mapiri onse a m'Poland. Nyengo yozizira mapiriwo akutidwa ndi cipale coyera. M'cigawomo mupita mtsinje wa Vistula, umene ukathira m'nyanja ya Baltic kumpoto.

Mzinda waukulu wa kumeneko ndi Kraków. Mafumu a Poland anali kukhala m'menemo, pa citunda ca Wawel, kufikira pamene likulu linasamukira ku Warsaw, ca m'ma 1596. Sukulu yace yaikulu inayambidwa m'caka ca 1364, ndipo Copernicus, amene anaphunzitsa kuti dziko lapansi lizungulira dzuwa, anaphunzira pomwepo. Pa bwalo la msika pali chalichi la Maria Woyera. Ora liri lonse munthu aomba lipenga ali pansanja yace, koma nyimboyo idukira pakati. Nthano yao isimba kuti mlonda wina analasidwa mubvi pakhosi alikucenjeza anthu kuti adani afika.

Pafupi ndi Kraków pali mgodi wa Wieliczka. Anthu anayamba kukumbamo mcere zaka zoposa 700 zapitazo, ndipo cuma cambiri ca mafumu cinali kucokera m'menemo, pakuti kale nyama ndi nsomba sizinali kusungika popanda mcere. Mgodiwo ndi wakuya mamita 327. Nchito yace inali yoopsa, cifukwa ca madzi, moto ndi mpweya woipa. Cotero anchito anasema nyumba zopemphereramo pansi pomwepo. Maguwa, zifanizo ndi makoma, zonse ndi za mcere. Kukumba mcere wogulitsa kunaleka m'caka ca 1996, koma alendo ambiri atsikamo kukaona zodabwitsazo.

Cigawoci ciri ndi malo acisoni. Kumadzulo kwa Kraków kuli mzinda wa Oświęcim, kumene Ajeremani a Hitler anamanga ndende ya Auschwitz m'caka ca 1940. Pofika 1945 anali ataphamo anthu oposa miliyoni imodzi, ambiri a iwo Ayuda. Mmodzi wa am'ndendewo anali wansembe Adam Kozłowiecki, amene anagwidwa ku Kraków m'caka ca 1939. Iye anapulumuka, nafika ku Northern Rhodesia mu 1946, nakhala Arkibishopu woyamba wa Lusaka mu 1959. Ndendeyo inasungidwa kuti anthu a mitundu yonse aone kumene cidani cifikitsa anthu.

Mafunso
1. Chulani phiri lalitali kopambana m'Poland.
2. Cifukwa ninji mcere unali cuma cacikulu kale?
3. Kodi ndende ya Auschwitz inasungidwiranji?