Chinaka Chisathe M'madambo Mwathu

Chinaka, chomwe ena amati chikande, chikusowa. Okumba achuluka chifukwa chili ndi msika wotentha, makamaka ku Zambia, ndipo ambiri akukumba mosasiya kanthu.

Chomerachi ndi cha m'gulu la maluwa amene akatswiri amawatcha Disa, Satyrium ndi Habenaria. Ku paki ya Nyika kokha kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa a m'banja lonse la zomerazi. Dziwani kuti kukumba m'paki ndi mlandu.

Chinaka sichimera ngati chimanga. Maluwa akafota, pamatsala timakoko. Kakoko kakauma n'kung'ambika, mumatuluka njere zambirimbiri zonga fumbi, zomwe zimauluka ndi mphepo. Njerezi zilibe chakudya m'kati mwake. Kuti imere, njere iyenera kugwera pamene pali mtundu wina wa bowa wa m'nthaka, wokhala ngati timaulusi tosaoneka ndi maso. Timaulusito timalowa m'njere n'kumaidyetsa mpaka itatulutsa tsamba. Popanda bowayo njere imangofa, n'chifukwa chake kufesa chinaka m'dimba sikuphula kanthu. Ndipo ikamera, pamapita zaka kuti chomeracho chichite maluwa.

Akatswiri amaumitsa njere n'kuzisunga pozizira madigiri 20 kunsi kwa ziro, monga ku Millennium Seed Bank ku England, yomwe inatsegulidwa m'chaka cha 2000. Ndi ntchito yabwino. Koma njere zosungidwazo zidzafunabe nthaka yokhala ndi bowa wake, ndipo nthakayo ili m'dambo lanu.

Tsono chitani izi. Musakumbe chinaka chikadali ndi maluwa. Dikirani timakoko tiume ndi kumwaza njere. Pamalo pamene mwapeza zomera zambiri, kumbani zochepa, zina musiye. Tating'ono musatikhudze n'komwe. Mukatha kukumba, bwezerani dothi m'dzenje ndi kuphimbapo udzu kuti dzuwa lisaumitse nthaka. Mbali ya dambo imene mwakumba chaka chino muipumitse, chaka chamawa mupite kwina.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi khasu ndi ngalande. Dambo likagaulidwa lonse kapena kuphwetsedwa madzi, chinaka chimatheratu pamodzi ndi bowa wake, ndipo kuchibwezeretsa n'kovuta zedi.

Kambiranani ndi a mfumu komanso komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi mwanu kuti mupatule mbali ya dambo yosalimidwa. Mukafuna thandizo polemba malamulo ake, onanani ndi mlangizi wa zankhalango wa m'dera lanu.