PHUNZIRO LA MWEZI UNO: ZA KUSUNGA NJIRA YA MADZI

Werengani Genesis 26:12-22.

M'mau amene tawerengawa tamva kuti Abrahamu anakumba zitsime, ndipo atamwalira iye, Afilisti anazifotsera ndi dothi. Madziwo anali pansi chikhalire. Chimene chinatsekeka ndicho njira yake yokha. Isake sanangokhala pansi ndi kudandaula, koma anakumbanso zitsime za atate wake. Tsono phunziro lathu ndi ili: wopatsa madzi ndiye Mulungu, koma osunga njira yodzera madziwo ndife anthu.

1. Mphatso imene tinalandira.

Ife a ku Mulanje tikhala patsinde pa phiri lalikulu, limene nsonga yake, Sapitwa, ili pa msinkhu wa mamita 3,002. M'phirimo mutuluka mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila ndi ina. Chaka cha 1968 anthu a ku Chingale, m'boma la Zomba, anayamba kutsitsa madzi a m'phiri ndi mapaipi, ndipo posachedwa ntchito yomweyo inafika kuno kwathu ku Chambe. Madzi otere safuna injini. Atsika okha, popeza gwero lili pamwamba ndi midzi ili pansi. Boma linapereka mapaipi, ndipo makolo athu anakumba ngalande ndi makasu ao, mudzi ndi mudzi, osalandira malipiro. Chaka cha 2019 inatha ntchito ina yotenga madzi a Likhubula kunka nao ku Nguludi, kumene awayeretsa kuti amwe anthu a ku Blantyre. Muyeso wake ndiwo malita 20 miliyoni tsiku limodzi.

2. Kanthu kakang'ono katseka njira yaikulu.

Kuti tizindikire umo njira ya madzi itsekekera, tiyambe taona chimene chinagwera anthu a kutali. Ku North America kuli nyanja zazikulu za madzi okoma monga yathuyi. Chaka cha 1988 anapeza m'nyanja ya St Clair tinkhono ta m'madzi ta zigoba ziwiri, ta mizere ngati mbidzi, tating'ono monga chikhadabo cha munthu. Kwao kwa tinkhonoti ndi ku mitsinje ya ku Black Sea ndi Caspian Sea. Tinadza ndi zombo, tili m'madzi amene amalinyero athira m'chombo kuti chisagwedezeke. Kamodzi kakakazi kakhoza kuikira mazira ofika miliyoni pa chaka. Timamatira m'kati mwa mapaipi, tina pamwamba pa tinzake, kufikira paipi yaikulu itsala ndi kanjira kakang'ono. Chaka cha 1989 mzinda wa Monroe unasowa madzi, pakuti tinkhonoti pamodzi ndi madzi oundana tinatseka polowera madzi ao. Taonani, nyanja inali yodzala, koma mipopi inali youma.

3. Alendo oononga amene tili nao ife.

Tisanene kuti izi n'za Azungu okha. Mu mtsinje wa Shire muli namasupuni, chomera chochokera ku South America, chokongola maluwa, koma chitseka polowera madzi pa makina a magetsi ku Nkula. Pa phiri lathu, m'masiku a atsamunda anabzala paini wochokera ku Mexico chifukwa cha matabwa. Mbeu zake zinauluka ndi mphepo, namera pamene panali udzu ndi mitengo ya makolo. Ndipo paini akachuluka amwa madzi ambiri koposa udzu, nachepetsa akasupe m'chilimwe. Chaka cha 1986 zinaoneka m'dziko muno nsabwe za m'mitengo zachilendo, zimene zinadwalitsa mkungudza, mtengo wathu wa fuko.

Koma tinene zoona, abale: mlendo sanaononge yekha. Nkhwangwa, macheka, ng'anjo za makala ndi moto wa osaka mbewa n'zathu. Phiri likavulidwa, mvula siilowa pansi. Ithamanga pamwamba, nikokolola mchenga ndi zinyalala. Mchengawo udzaza kadziwe ka polowera madzi, utseka sefa, nukhala pansi pa thanki. Chotero chimene tinkhono tichita ku America, mchenga uchita kuno, pang'ono pang'ono, popanda wakuona.

4. Chotsatira chake.

Mwezi wa March 1991 napolo anatsika ku Phalombe. Mwezi wa March 2023 namondwe wotchedwa Freddy anagwetsa miyala ndi matope kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, napha anthu, nakokolola mapaipi ndi polowera madzi. Namondwe sitikhoza kumletsa. Koma phiri lovala mitengo ligwira dothi lake koposa phiri lamaliseche. Ndipo mpopi ukauma, ludzu silidikira. Amai alawira m'mamawa kukatunga kumtsinje kumene ena achapa ndi kusamba, ndipo ana amwa madzi omwewo. Kumbukirani kuti kolera imene inabuka chaka cha 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko lathu. Akulu anati chitsime chidziwika kuya kwake chikaphwa. Ife tisadikire kuti chiphwe.

5. Tsono tidzachita chiyani?

Choyamba, tisadule mitengo kapena kulima m'mbali mwa mtsinje kumtunda kwa polowera madzi, ndipo tilimbike kupanga njira zotchinga moto isanafike nyengo ya lupsa. Chachiwiri, mvula yaikulu ikagwa, amuna apite kukachotsa mchenga ndi masamba pa sefa, ndi kutsuka thanki pa nthawi yake. Chachitatu, amene aona paipi ikudontha auze a komiti ya madzi tsiku lomwelo. Asaganize kuti wina wanena kale. Chachinai, tipereke msonkho wa madzi mokhulupirika, ndipo osunga ndalamazo awerenge poyera zimene alandira ndi zimene agula. Chachisanu, Mkhristu asaboole paipi usiku kuti athirire dimba lake, kapena kugula mpopi wakuba. Pakuti wochita ichi alanda madzi pakamwa pa mwana wa mnansi wake wa kumunsi.

Makolo athu anakumba ngalande zimene ife timwera lero. Tisakhale Afilisti pa zitsime za atate athu, koma tikhale ana onga Isake.

Mafunso a m'kalasi:

1. Kodi madzi a pa mpopi wa m'mudzi mwanu achokera mu mtsinje uti, ndipo munafikako liti pa gwero lake?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene zitseka njira ya madzi.
3. Kodi mpingo wanu udzagwira ntchito iti pa zisanu zija mwezi uno usanathe?